Amene Atsala Pakhomo Dayosizi Ikaitana Msonkhano

Misa ikamapita kumapeto m'tchalitchi cha Anglican cha m'tauni, pamakhala nthawi ya zolengeza. Mlembi wa parishi amaima kutsogolo ndi kope lake n'kuyamba kuwerenga: m'bindikiro wa amayi a Mothers' Union, maphunziro a aphunzitsi a Sande sukulu, msonkhano wa achinyamata a dayosizi yonse, maphunziro a asungichuma, pepa sande ya parishi ina yomwe ikumanga nyumba ya wansembe, tsiku limene a bishopu adzabwere kudzalimbitsa ana. Chilichonse chili ndi deti lake, ndipo zambiri zili ndi mtengo wake: ya thiransipoti, ya chakudya, ya pogona, mwinanso ya nsalu kapena tisheti ya msonkhanowo. Woyang'anitsitsa pamabenchi amaona mpingo ukugawikana pomwepo popanda wotsegula pakamwa. Ena akulemba madeti m'foni. Ena akukonza mbereko, maso ali kukhomo, pakuti adziwa kale kuti zimene zikuwerengedwazo si zawo.

Gulu lachiwirili ndi limene liyenera kukhala muyeso wa kalendala ya dayosizi. Tinazolowera kuyesa msonkhano powerenga amene anafika, ndipo lipoti limakoma likanena kuti holo inadzaza. Funso lofunika kuposa limenelo ndi lakuti anatsala ndani, anatsaliranji, nanga chinamufika n'chiyani opitawo atabwerako. Parishi za ku Soche, Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi madera ena a Blantyre zili pansi pa Dayosizi ya Southern Malawi, yomwe tchalitchi chake chachikulu ndi St Paul's. Ndi dayosizi ya mumzinda ndi kumudzi komwe, yofika mpaka kuchigwa cha Shire, choncho n'kosavuta kuganiza kuti Mkhristu wa m'tauni ndiye ali pabwino, popeza ofesi ili pafupi ndipo minibasi ili pakhomo. Koma m'tauni chimene chimatsekereza munthu kawirikawiri ndi nthawi, ndipo nthawi ya wosauka wa m'tauni ilibe tchuthi.

Taganizani za mayi wogulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Zingwangwa. M'bindikiro wa masiku atatu umamudya katatu. Alipire zimene zalengezedwa zija. Ataye malonda a masiku atatu, pamene geni yake ndi ya dzanja kukamwa ndipo tomato sadikira mwini wake. Kenaka apeze wosiyira ana ndi benchi, chonsecho Loweruka lomwelo gulu lake la banki m'khonde likuyembekeza kuti abweze ngongole. Mlonda wa usiku, mtsikana wantchito ya m'nyumba ku Namiwawa, mnyamata wa kabaza, bambo wa mashifiti m'mafakitale a ku Makata, onsewa sangauze bwana kapena thumba lawo kuti Lachisanu kulibe ntchito chifukwa mpingo waitana. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mizere ya mafuta yakhala ikukweza mtengo wa minibasi mosachenjeza. Ndalama imene komiti yokonza msonkhano imaiona ngati yochepa, kunyumba zambiri za ku Chilobwe ndi ufa wa sabata yonse.

Zotsatira zake n'zodziwika kwa aliyense amene amapemphera m'tauni, m'mpingo uliwonse. Nkhope za pamisonkhano zimakhala zomwezomwezo: aphunzitsi, ogwira ntchito m'boma ndi m'mabanki, opuma pantchito. Anthu amenewa si olakwa, ndipo ambiri a iwo amapereka zawo mowolowa manja kuti mpingo uyende. Vuto n'lakuti wopita ku maphunziro ndi amene amadziwa malamulo a mpingo, wodziwa malamulo ndi amene amasankhidwa m'khonsolo ya parishi ndi kupita ku sinodi, ndipo wokhala m'khonsolo ndi amene amadzalemba kalendala ya chaka chamawa molingana ndi nthawi yake. Palibe amene anakhala pansi kuti apatule osauka. Kalendala imawapatula yokha, mwaulemu, chaka ndi chaka.

Mbiri ya mpingo womwewu ili ndi njira ina. Amishoni a UMCA, omwe anayamba ndi Bishopu Charles Mackenzie ku Magomero mu 1861 n'kudzakhazikika pa Likoma mu 1885, anali ndi midzi yambirimbiri m'mbali mwa nyanja ndi ansembe owerengeka. Mmodzi wa iwo, William Percival Johnson, sanadikire kuti midziyo ibwere pachilumba. Anaika ntchito yake pa sitima, poyamba yotchedwa Charles Janson, kenaka Chauncy Maples yomwe inayamba kuyenda mu 1901, ndipo m'sitimayo munali malo opemphereramo ndi ophunzitsiramo aphunzitsi. Sukulu ndi imene inkayenda, n'kumakocheza padooko la mudzi uliwonse. Ngakhale kugawa kwa madayosizi kunatsata nzeru yomweyo yofupikitsa mtunda. Dayosizi imodzi ya dziko lonse inagawidwa pawiri mu 1971, Josiah Mtekateka n'kukhala bishopu wa Lake Malawi pamene Donald Arden anatsala kum'mwera. Northern Malawi inabadwa mu 1995, Upper Shire mu 2002. Mpingo unavomereza katatu konse kuti m'busa wakutali saweta bwino. N'zodabwitsa kuti mfundo imene inagawa madayosizi imaiwalika pokonza maphunziro a masiku awiri. Ndi bwinonso amayi ovala yunifolomu akumbukire kuti Mothers' Union, yomwe lero ili m'maiko ambirimbiri, inayamba mu 1876 pamene Mary Sumner anaitana amayi a parishi imodzi, olemera ndi osauka, kunyumba kwake ku Old Alresford. Inakula kuchokera pabalaza.

Wina adzati m'bindikiro ndi kuchoka kumene, ndipo munthu sangabindikire pamalo pomwe akumva hutala ya minibasi ndi zoimbira za kumowa. Mawuwa ali ndi mphamvu, ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Yesu mwini anatenga ophunzira ake kupita nawo kumalo kopanda anthu kuti akapumule, monga mutu 6 wa Marko umafotokozera. Amene anagonapo ku Chilema, patsinde pa phiri la Malosa, malo amene a Anglican ndi a CCAP amagwiritsa ntchito limodzi, amadziwa kuti bata la kumeneko limachiza china chake. Koma amene akusoweka bata limeneli kuposa onse ndi yemwe akukhala m'chipinda chimodzi cha lendi ndi ana anayi, khoma limodzi ndi neba, yemwe sanakhalepo ola lathunthu wopanda womuitana. Ngati m'bindikiro ndi mankhwala, ndiye kuti tikuwapereka kwa amene ali ndi mpanda ndi geti kunyumba kwawo, odwala kwambiri n'kutsala. Komanso mutu womwewo wa Marko umapitirira: khamu linawatsatira wapansi, ndipo silinabwezedwe, linadyetsedwa. Kuchoka kukhalepo ndithu. Koma pa m'bindikiro umodzi wakutali payenera kukhala ingapo ya tsiku limodzi, kapena ya Lamulungu masana misa itatha, m'tchalitchi cha parishi chitatsekedwa zitseko, mafoni ali m'dengu pakhomo, ana akusamalidwa ndi achinyamata panja, aliyense atabwera ndi kapu ya ufa kapena mtolo wa nkhuni m'malo mwa ndalama.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kwambiri. Dayosizi si mulu wa maparishi odziimira paokha ayi. Msonkhano waukulu ndi pamene mtsikana wa ku Nsanje amaimba kwaya imodzi ndi wa ku Machinjiri, pamene wansembe wa kumudzi amaona kuti sali yekha, pamene parishi yolemera imamva ndi makutu ake kuti inzake ikupempherera pansi pa denga lodontha. M'dziko limene masankho aliwonse amatikumbutsa zigawo ndi mitundu yathu, malo osakanizira anthu otere ndi ochepa, ndipo kuwathetsa kungakhale kutaya chuma. Pamenepa ndikuvomera kotheratu. Ndingowonjeza kuti umodzi umene umamangidwa ndi okhoza kulipira okha ndi umodzi wa gulu limodzi la anthu, ndipo gulu limenelo limakumana kale kuukwati, kuntchito ndi pa WhatsApp. Ngati parishi ili ndi malo khumi pa msonkhano wa dayosizi, palibe lamulo loletsa khonsolo kunena kuti theka likhale la amene sanapiteko, ndipo parishi iwalipirire kuchokera m'thumba lake monga imalipirira magetsi ndi vinyo wa paguwa. Mpingo umene umatha kusonkha mamiliyoni pa pepa sande imodzi ya mpanda sungalephere thiransipoti ya anthu asanu.

Palinso yankho limene okonza maphunziro amakonda: amene apita akaphunzitsa anzawo. Papepala zimamveka bwino. Zimene zimachitika n'zakuti nthumwi imapatsidwa mphindi zisanu pa zolengeza, anthu atatopa ndi njala, n'kunena kuti tinayenda bwino, anatilandira bwino, taphunzira zambiri, ndipo a bishopu akupereka moni. Mapepala a maphunzirowo, olembedwa m'Chingerezi, amakagona m'kabati. Kuphunzitsa ena ndi luso, kumafuna tsiku lake, malo ake ndi zolembedwa m'Chichewa. Ngati tsiku lobweza maphunzirowo kuparishi silinalembedwe pakalendala nthawi yomweyo imene tsiku lopita linalembedwa, silidzafika. Ndipo kalendala yodzaza kwambiri ndi imene imapha tsiku limeneli, chifukwa nthumwi ikangobwera yayamba kale kusonkhera ulendo wotsatira. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Sitingathe kulankhula za maphunziro m'Malawi muno osatchula alawansi. Dziko lonse linaona mu 2021 momwe gawo la K6.2 biliyoni ya Covid-19 linathera m'maalawansi, mpaka Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anapatsa wachiwiri wake, malemu Saulos Chilima, ntchito younikanso kaperekedwe kake m'boma. Mzimu umenewu suthera pageti ya maofesi a boma ku Capital Hill. Mabungwe anazoloweretsa anthu kuti kukhala pampando m'holo ndi ntchito yolipidwa, ndipo Mkhristu salowa m'tchalitchi atavula zimene waphunzira kunja. Pamene maphunziro a mpingo ali ndi thandizo la abwenzi akunja ndipo pali envulopu, mpikisano wa mayina umakula. Pamene palibe, mayina amasowa. Komabe pano pafunika kusamala, chifukwa n'kosavuta kwa wolandira malipiro pamwezi kudzudzula dyera la wosauka. Mayi wa tomato uja akafunsa ngati kuli kangachepe, akufunsa za chakudya cha ana ake cha tsiku limenelo. Wa pamwezi malipiro ake amayenda ngakhale ali ku m'bindikiro. Kubwezera munthu thiransipoti ndi malonda amene wataya ndi chilungamo; kulipira munthu amene sanataye kanthu chifukwa chongosaina pepala ndi kumene kumawononga. Njira yachidule yothetsera mkangano wonsewu ndi kubweretsa mphunzitsi mmodzi ku Soche m'malo monyamula anthu makumi atatu kupita kwa mphunzitsi. Mlendo adzabwerabe ndi kalumo kake kakuthwa, koma ometedwa adzakhala ambiri.

Soche ili ndi chifukwa chakechake chotengera nkhaniyi mozama. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo, phiri la Soche linatsika ndi matope ndi miyala pa nyumba za ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. M'maola oyamba, amene anakumba ndi makasu ndi manja, amene ananyamula ovulala kupita kuchipatala cha Queens, amene anatsegula nyumba zawo ndi kuphika phala m'misasa ya m'masukulu, anali aneba. Pambuyo pake panabwera funso limene palibe holo ya msonkhano inakonzekeretsa anthu wamba: munganene chiyani kwa bambo amene wataya mkazi ndi ana tsiku limodzi, ndipo mtembo wina sunapezeke? Wansembe mmodzi sakanatha kulowa nyumba zonse. Ankalowamo ndi amayi a m'dera, aja amene amagona pa siwa, amene amatsuka mbale pamaliro, amene mayina awo sapezeka pamndandanda wa nthumwi. Ngati dayosizi ili ndi maphunziro a uphungu kwa oferedwa, a kuteteza ana ku nkhanza, a kuzindikira zizindikiro za kolera monga ija inachedwetsa kutsegulira kwa sukulu za Blantyre mu Januwale 2023, oyenera kuwalandira poyamba ndi amenewa, m'chiyankhulo chawo, pa ola limene angathe.

Ola limenelo si lovuta kulipeza, kungoti safunsidwa. Magulu a m'madera, amene ena amawatcha miphakati ena milaga, amakumana kale mkati mwa sabata m'nyumba za anthu. Komiti ya kalendala isanalembe deti lililonse, ikanatumiza funso limodzi kumagulu amenewa: ndi tsiku liti, ndi mwezi uti, ndi ndalama zingati? Mayankho ake akanasintha zambiri. Akanati Januwale ndi Febuluwale musatipemphe kanthu, fizi ndi njala zatipanikiza. Sabata yotsegulira sukulu musaikepo ulendo. Kumapeto kwa mwezi msika umayenda, sitingausiye. Disembala ambiri timathamangira kumudzi kukabzala ndi kuthira feteleza. Akanatinso zolengeza zisamangoikidwa pa gulu la WhatsApp, chifukwa foni ya mabatani silandira chithunzi cha kalendala, ndipo bando imatha. Pakhomo pa tchalitchi pali bolodi. Pepala limodzi la Chichewa, lolembedwa zilembo zazikulu, lonena deti, malo, mtengo, ndi dzina la amene munthu wopanda ndalamayo angakalankhule naye mwachinsinsi, limakwana pamenepo ndi mapini anayi.