Dzina Lonyoza M'kamwa mwa Mwini Wake

Liwu lakuti "chidakwa" lili m'gulu limodzi la mayina ndi "chinthu" komanso "chitsiru". Anthu akamati "chidakwa chafika", chilankhulo chenichenicho chimamuchotsa munthuyo pakati pa anthu. Nanga n'chifukwa chiyani pamisonkhano ya Alcoholics Anonymous, gulu limene Bill Wilson ndi Bob Smith adayambitsa ku Akron mu 1935, munthu amanena yekha kuti, "Ndine chidakwa"? Kodi kumeneku si kudzinyoza?

Ayi. Wonyoza amalankhulira kumbali. Pamsonkhano amalankhula ndi mwini wake, pamaso pa anthu amene mowa udawagwetsapo nawonso. Chinthu sichinganene kuti "ndine"; amatero ndi munthu amene wavomera kusenza mlandu wake. Kuvomerako sikuthetsa chilakolako cha mowa tsiku limodzi, komabe kumamupatsa anzake oti akabwerereko ngakhale atagwanso.