Machesi kapena udzu wouma: chinayatsa nkhondo ya ku Mozambique n'chiyani?



Lachisanu lapitali titaswali Jumuah tinatsalira pakhonde la mzikiti, kudikira kuti dzuwa la kuno ku Marka lichepeko ukali. Macheza anafika pa asilikali amene analanda maboma ku Mali, Burkina Faso ndi Niger. Mnzanga wina anati nkhondo yapachiweniweni imayamba pomwe asilikali alanda boma basi, ngakhale iyi ya tsidya la boda yathuyi. Ndinamutsutsa, koma mwaphuma, ndiye ndati ndilembe modekha.

Mnzangayo sanayankhule zopanda mutu. Pa 25 April 1974 asilikali a ku Portugal, atatopa ndi nkhondo za muno mu Africa, anagwetsa boma la Marcelo Caetano ku Lisbon. Pa 7 September chaka chomwecho, ku Lusaka, anagwirizana zopereka dziko la Mozambique kwa Frelimo yokha, popanda chisankho. Ufulu unabwera pa 25 June 1975, ndipo pofika 1977 mfuti zinali zikuliranso. Ukandandalika madeti chonchi, zimaoneka ngati zonse zinachokera ku Lisbon.

Koma tsiku lomwelo la 25 April ndi limenenso linamasula Cape Verde ndi São Tomé, ndipo kumeneko sikunabuke nkhondo. Ku Portugal kwenikweniko, komwe akasinja analowa m'misewu, anthu sanayambe kuphana. Machesi ake amodzimodzi, koma kwina moto unagwira, kwina ayi.

Agogo anga akuchikazi anawoloka kuchokera ku Mutarara mu 1986, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana unaphwanyidwa. Njanji yodutsa pano kupita ku Beira inali itaferatu. Dzina loti Caetano salidziwa n'komwe. Ukawafunsa chimene chinabweretsa anamatsanga, amayambira kutali: thonje lolima mokakamizidwa m'nthawi ya Apwitikizi, chibalo, amuna otengedwa kupita ku minda ya nzimbe. Kenako amafika pa zomwe zimawawawabe mpaka lero. Boma latsopano lija, lomwe analivinira, linachotsa mafumu, linasamutsira anthu m'midzi yokhala pamodzi kutali ndi minda yawo ndi manda a makolo, ndipo linkayang'ana chipembedzo ndi diso lofiira, matchalitchi ndi mizikiti yomwe. Asena ndi Andau ambiri ankaona ngati dziko ladyedwa ndi akumwera. Agogo sanakonde Renamo, inawaphera mchimwene wawo. Amangonena kuti anyamata ena a m'mudzi mwawo anagwidwa mokakamiza, koma ena analowa m'tchire okha, mitima ili yodzaza kale.

Apa ndi pomwe pakhonde paja ndinathera, n'kumadziona ngati ndapambana. Usiku ndinayamba kukayika. Ngati madandaulo akale ndi okwanira kuyambitsa nkhondo, nanga ife bwanji? Tinali ndi thangata. Tinali ndi zaka 30 za Kamuzu, anthu kutsekeredwa ku Mikuyu osazengedwa mlandu, aphunzitsi akumpoto kubwezedwa kwawo mu 1989. Mu December 1993 asilikali athu anachita kuwomberana ndi a Young Pioneers. Udzu unalipo, wouma ndithu. Alhamdulillah, sitinapse.

Chimene ife tinalibe ndi munthu wakunja wogawa mfuti. Renamo inaleredwa ndi akazitape a boma la Ian Smith ku Rhodesia, lomwe linkafuna kulanga Samora Machel chifukwa chosunga ankhondo a ZANLA. André Matsangaissa, mwini dzina lija la anamatsanga, ataphedwa ku Gorongosa mu 1979, Afonso Dhlakama analowa m'malo mwake, ndipo Zimbabwe italandira ufulu mu 1980 boma latsankho la South Africa linatenga udindo wopereka zida.

Ndiye ndikaika pa sikelo, kulanda boma kuja ndikukuona kopepuka kuposa zonse. Kunangotsegula chitseko mofulumira, nyumba isanakonzedwe. Madandaulo akale ndiwo akufotokoza chifukwa chake moto unayaka mpaka pa 4 October 1992, pomwe anasainirana mtendere ku Rome, anthu pafupifupi 1 miliyoni atathawira kuno ku Malawi, ndipo ku Nsanje kuno alendo atachuluka kuposa eni mudzi.

Chondivuta ine ngati Msilamu n'choti mayankho awiri onsewa amatha kukhala pobisalira. Ukati ndi asilikali a ku Lisbon, wachotsa mlandu pa bwanamkubwa amene anagwetsa nyumba ya nkhalamba kuti isamukire kumudzi wa boma. Ukati ndi mbiri yakale, ndiye kuti wodula anthu makutu uja analibe chochita, inamutuma ndi mbiri. Wallahi, izi sindingavomere. Timakhulupirira kuti pa Qiyamah aliyense adzafunsidwa za dzanja lake, wopondereza uja payekha, wogawa mfuti payekha, wowombera payekha. Kufotokoza chomwe chinayambitsa nkhondo ndi ntchito ina, kugawa mlandu ndi inanso, ndipo pakhonde paja tinazisakaniza.

Mu December 2024, zisankho za ku Mozambique zitabweretsa ziwawa, anthu anawolokanso Shire kubwera ku Nsanje, ena n'kukasungidwa ku Nyamithuthu, komwe kunalinso msasa nthawi ya nkhondo ija. Palibe msilikali amene analanda boma ulendo umenewu. Agogo atamva anangofunsa ngati m'nyumba muli ufa wokwanira alendo.