Mnzako akapsa ndevu, m'zimire

Ndevu zikagwira moto, mwini wake sauona bwino motowo chifukwa uli pansi pa chibwano. Amauona ndi amene wakhala naye pafupi. Makolo ponena kuti "mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako" ankanena za tsoka losadikira kuti anthu asonkhane, losafunanso mafunso oti moto unausewera bwanji. Moto wotere suzimika utaima patali. Uyenera kufika pomwepo, ndipo nthawi zina dzanja lako limawauka nawo.

Kum'mawa ndi kumwera kwa Ukraine kuli midzi yomwe ili m'kamwa mwa nkhondo chilowereni asilikali a Russia pa 24 Febuluwale 2022. Amphamvu anathawa kale. Otsala ambiri ndi nkhalamba, olumala, odwala osatha kudzuka, ndi ena okana kusiya manda a abale awo. Amagona m'zipinda zapansi pa nyumba, mawindo atakhomedwa matabwa poti magalasi anasweka. Sitolo zinatsekedwa, mankhwala a shuga ndi a mtima alibe kokagula, ndipo chisanu chakumeneko chimaumitsa madzi m'ndowa. Alipo ofunsa kuti, "Bwanji osangochokako?" Kwa ine limeneli ndi funso la munthu amene waimirira potero, ndevu za mnzake zikunyeka. Gogo wosatha kukwera basi ayambe wadya, wamwa mankhwala ndi kuotha moto. Za kusamuka mudzakambirana atakhuta.

Ozima moto alipo, ndipo akupsa nawo. Damu la Kakhovka litagumulidwa pa 6 Juni 2023, madzi n'kusefukira, anthu ongodzipereka analowa m'misewu ya Kherson pa timabwato kukatsitsa anzawo pamadenga, mizinga ikugwabe mumzindamo. Pa 12 Seputembala 2024, ogwira ntchito atatu a Red Cross anaphedwa ndi mizinga m'mudzi wa Viroliubivka, m'chigawo cha Donetsk. Ananyamula chiyani? Nkhuni ndi malasha oti anthu adzaothe nthawi yozizira. Malamulo a nkhondo, omwe maiko anagwirizana ku Geneva, amaletsa kuwombera anthu otere, koma galimoto yawo inapsa ili ndi chizindikiro cha Red Cross.

Nanga mawu oti "mawa adzazima zako"? Gogo wa ku Donetsk sadzabweza kanthu kwa amene anam'tengera nkhuni, ndipo wopita kumeneko akudziwa zimenezo. Chobwezacho chimadzera kwina. Mu Ogasiti 2022, Ukraine ili pamoto chomwecho, sitima ya Brave Commander inanyamuka padoko lina pafupi ndi Odesa itasenza matani 23,000 a tirigu wogulidwa ndi bungwe la WFP. Inakatsitsa ku Djibouti, ndipo malole anamutengera ku Ethiopia, kumene chilala ndi nkhondo zinali zitasiya anthu ambiri opanda chakudya.