Kodi Mtendere Wolembedwa ndi Opambana Okha Ungakhalitse?

PA November 25, 1918, kazembe wa nkhondo wa Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anatula zida zake ku Abercorn, tauni imene lerolino imatchedwa Mbala, kumpoto kwa Zambia. Ku Ulaya mfuti zinali zitaleka kulira milungu iŵiri m'mbuyomo. Nkhondo Yadziko I inatha, koma inasiya maliro m'midzi yambiri ya kuno. Nyasaland yokha inapereka amtengatenga pafupifupi 200,000, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. M'gulu lankhondo la Rhodesia Native Regiment, lokhazikitsidwa mu 1916, munali amuna ambiri a ku Nyasaland amene anadzafuna ntchito ku Southern Rhodesia.

Komabe, kutonthola kwa mfuti sikumatanthauza kuti mtendere wafika. Panatsala mafunso aŵiri: Kodi ndani akakambirana za mtenderewo? Ndipo kodi ukamangidwa pa maziko otani?

Kodi Ndani Anakhala Pabwalo?

Msonkhano wa mtendere unatsegulidwa ku Paris pa January 18, 1919. Ngakhale kuti maiko pafupifupi 30 anatumiza nthumwi, nkhani zazikulu zinagamulidwa ndi amuna anayi: Woodrow Wilson wa United States, David Lloyd George wa Britain, Georges Clemenceau wa France, ndi Vittorio Orlando wa Italy. Germany sanaitanidwe. Nthumwi zake zinapatsidwa chikalata cholembedwa kale pa May 7, zinaloledwa kudandaula mwa kalata chabe, ndipo zinasaina ku Versailles pa June 28. Dzikolo linapatsidwa mlandu wa zowonongeka za nkhondoyo, linalamulidwa kulipira, ndipo linalandidwa maiko ake onse a mu Afirika.

Kodi eni ake a maikowo anafunsidwa? Iyayi. Tanganyika anapatsidwa kwa Britain, Ruanda-Urundi kwa Belgium, South West Africa kwa South Africa, ndipo kachigawo ka Kionga kanawonjezedwa ku Mozambique wa Apwitikizi. Pangano la Chigwirizano cha Amitundu linalongosola anthu a m'maikowo kukhala osakhoza kudziimira paokha. Awo amene anasenza katundu wa nkhondo pamutu analibe mpando pabwalo la mtendere.

Mfumu yanzeru ya m'mudzi siigamula mlandu itangomva mbali imodzi. Baibulo limasonyeza chifukwa chake: woyamba kufotokoza mlandu wake amaoneka wolungama kufikira mnzake atafika ndi kumfunsa. (Miyambo 18:17) Ku Paris, wodandaula ndiye analinso woweruza.

Pempho Limene Silinamvedwe

Zimene zinachitikira Amandebele, amene likulu la ufumu wawo linali Bulawayo kufikira mu 1893, zimasonyeza malire a malonjezo a nthaŵiyo. Mu 1918 khoti la Privy Council ku London linagamula kuti malo a Southern Rhodesia amene anali asanagaŵiridwe kwa azungu sanali a eni nthaka, ndiponso sanali a British South Africa Company, koma anali a Ufumu wa Britain. Chaka chotsatira, pamene andale anali kulengeza kuti mtundu uliwonse uyenera kudzisankhira tsogolo lake, Nyamanda, mwana wa Mfumu Lobengula, anatumiza pempho kwa mfumu ya Britain lakuti malowo abwezedwe kwa anthu ake. Pempholo silinaphule kanthu.

Mmalomwake, lamulo la Land Apportionment Act la 1930 linapatula pafupifupi theka la dzikolo kaamba ka azungu. Nkhani ya malo inali idakali yotentha pamakambirano a ku Lancaster House mu 1979, pambuyo pa nkhondo ina yokhetsa mwazi wambiri. Mlandu wokwiriridwa suwola. Umangoyembekezera mbadwo wina kuti udzaufukule.

Kodi Wolakwa Sayenera Kulangidwa?

Wina angatsutse kuti: 'Kodi France, amene minda ndi midzi yake inasanduka mabwinja, sanayenere kulipidwa?' Funsolo nloyenera. Chilungamo chimafuna kuti wowononga abwezere, ndipo mtendere wonyalanyaza ovulazidwa ngwachinyengo. Ndiponso ogonjawo sanali achifundo kuposa owagonjetsa. Mu March 1918, pamene Germany anali pamwamba, anakakamiza Russia kusaina pangano la Brest-Litovsk, limene linamlanda zigawo zazikulu kwambiri.

Chotero vuto silili mumtundu umodzi. Aliyense wogwira cholembera amalemba zomkomera. Wophunzira Yakobo anasonyeza kuti nkhondo ndi ndewu zimachokera ku zilakolako zimene zimalimbana mkati mwa anthu. (Yakobo 4:1) Zilakolako zimenezo sizimatsala pabwalo la nkhondo. Zimaloŵa limodzi ndi nthumwi m'chipinda cha makambirano, mmene chilango choyenera chimasanduka kulipsira mosavuta. Adolf Hitler anasonkhezera mkwiyo wa anthu ake pa pangano la Versailles, ndipo mu 1939, patangopita zaka 20, dziko linayakanso moto.

Pambuyo pa 1945 opambana anasonyeza kuti anaphunzirapo kanthu. Kuyambira mu 1948 makonzedwe a Marshall Plan anathandiza kumanganso maiko a kumadzulo kwa Ulaya, kuphatikizapo West Germany, ndipo France ndi Germany sanamenyanenso. Zimenezi zimatsimikizira kuti kudzutsa mdani wogwa kumabala zipatso zabwinopo kuposa kumpondereza. Komabe, mwa maiko 50 amene anasaina tchata cha Mitundu Yogwirizana ku San Francisco pa June 26, 1945, anayi okha ndiwo anali a mu Afirika, ndipo maiko asanu amphamvu anadzisungira mphamvu ya kuletsa zigamulo zazikulu za Bungwe la Chitetezo. Mpikisano wa maulamuliro aakuluwo pambuyo pake unakolezera nkhondo m'maiko onga Angola.

Maziko Amene Sagwedezeka

Malemba amasonyeza njira ina. Pamene asilikali a Aramu anagwera m'manja mwa mfumu ya Israyeli, mfumuyo inafuna kuwapha. Mneneri Elisa anailangiza kuwapatsa chakudya ndi madzi ndi kuwalola kubwerera kwawo. Magulu ofunkhawo analeka kuloŵerera dzikolo. (2 Mafumu 6:21-23) Abrahamu nayenso, ngakhale kuti anali wamkulu, analola Loti kuyamba kusankha malo kuti mkangano wa abusa awo uthe. (Genesis 13:8, 9) M'zochitika zonse ziŵirizo, wamphamvuyo ndiye anadziletsa.

Mneneri Yesaya anafotokoza mtendere monga chotulukapo cha chilungamo. (Yesaya 32:17) Dongosolo limenelo silingatembenuzidwe. Koma kodi ndi wolamulira uti amene alibe dziko lakelake loti alikondere, ndipo amamva wosauka mofanana ndi wamphamvu? Salmo 72 limalongosola Mfumu yoikidwa ndi Yehova Mulungu, Yesu Kristu, imene idzalanditsa waumphaŵi wopanda mthandizi ndi kuŵerengera mwazi wake kukhala wamtengo wapatali. Pansi pa Ufumu umenewo, palibe pempho la wotsenderezedwa limene lidzaiŵalidwa.

Pakali pano, Mkristu aliyense amayang'anizana ndi chiyeso chofananacho panyumba, pantchito, ndi mumpingo. Yesu anaphunzitsa kuti kuyanjana ndi mbale kuyenera kuyamba, kupereka mtulo kwa Mulungu kudze pambuyo. (Mateyu 5:23, 24) Pamene mkangano wakukomerani, kodi mumamvetsera mbali ya winayo? Kodi mumafuna kumbweza kapena kumchititsa manyazi? Awo amene amaphunzira kudziletsa pamene ali ndi mphamvu akudzikonzekeretsa kaamba ka mtendere umene Mulungu walonjeza, umene sudzafunikira kusainidwanso.