Chalaka bakha nkhuku singatole

Makolo anapeka mwambi uwu kuti athetse matama: chimene chakanika wa mlomo waukulu, wa kamlomo asachithamangire. Koma momwe tikuutchulira masiku ano kwa Kabudula ndi ku Nsaru kuno, wasanduka chibonga chophwanyira mitima ya ana, ndipo zikundiwawa.

Posachedwapa mtsikana wina wa Fomu 2 ananena kuti akufuna kudzaphunzira ntchito zamanja ku Namitete Technical College. Atsibweni ake anaseka chikhakhali. "Iwe, achimwene ako ali ndi MSCE, si awo akupalasa kabaza pa Nsarupa? Chalaka bakha nkhuku singatole." Mwana uja anangozyolika, n'kumakanda pansi ndi chala cha kuphazi.

Mwana akakhulupirira kuti khama lake silisintha kanthu, amasiya kuwerenga. Mnyamata amathawira ku maganyu a fodya, mtsikana amalola banja asanakwane zaka 18 zimene lamulo limanena. Akalephera, ife omwe tinamufooketsa timati, "Si tinanena?" Kumeneko n'kupha mwana ndi pakamwa.

Taonani William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, mwana wa mlimi wa chimanga ndi fodya ngati ana athuwa. Njala ya 2001 mpaka 2002 inamuchotsa ku sekondale chifukwa fizi inasowa. Ali ndi zaka 14 anayamba kubwereka mabuku a sayansi ku kalaibulale ka pasukulu ya pulaimale, Chingerezi chake chili chopereweza, akungotsatira zithunzi. Anatola zitsulo kudzala, njinga yakutha ya bambo ake, dayinamo, mapaipi ndi mitengo ya bulugama, n'kumanga makina oyendera mphepo amene anayatsa magetsi m'nyumba mwawo. Anthu ankati wapenga. Abakha onse a m'mudzimo, akulu ndi ophunzira omwe, anali asanayesepo. Mu 2014 anamaliza digiri ku Dartmouth College ku America.

Inde, ndivomere, ngakhale monyinyirika: pali zina zolaka nkhuku ndi bakha yemwe. Malo a ku sekondale ndi ochepa, mwana wogona ndi njala samva masamu, ndipo Kamkwambayo anachita kulipiriridwa sukulu ndi akufuna kwabwino. Koma anthuwo anabwera atamva za makina amene anali ataima kale pakhomo, omangidwa ndi mnyamata amene anakana kumvera oseka.