Liu la Woyimba Likakalamba

Pa 24 Juni Eklezia Woyera amachita chaka cha kubadwa kwa Yohane M'batizi, mwana wa nkhalamba ziwiri, Zakariya ndi Elizabeti. Ku Mchinji imeneyi ndi nyengo ya chisanu. Anthu a ku Kapondo ali pa ntchito yothothola mtedza, mwera ukuulutsa fumbi m'miseu, ndipo Lamulungu m'mawa m'tchalitchi mumamveka kutsokomola mbali zonse. Chifuwa cha ana ndi anyamata chimatha kukayamba kufunda, liu nkubwerera mwakale. Koma alipo ena amene liu lao silibwereranso, pakuti chimene chalilanda si chisanu ai, koma zaka. Chiphunzitso ichi chikunena za iwowa, makamaka akuluakulu amene atsogolera nyimbo m'matchalitchi a kumidzi zaka 30 kapena 40, ndiponso za achinyamata amene akuyembekeza malo ao.

Nkhani yotere si ya kumudzi kokha. Mu 1970, mumzinda wa Boston ku America, munayambika gulu la oyimba lotchedwa Aerosmith, limene linayendayenda m'maiko zaka zoposa 50. Mu Seputembala 2023, atangoyimba katatu pa ulendo wao wotsazika anthu, woyimba wao wamkulu, Steven Tyler, anavulala kholingo. Anafuna mankhwala miyezi yambiri, koma pa 2 Ogasiti 2024 gululo linalengeza kuti liu lake silingachire kwathunthu, ndi kuti maulendo ao oyimba athera pomwepo. Iye anali ndi zaka 76. Ku England nako, pa 5 Julayi 2025, Ozzy Osbourne wa gulu la Black Sabbath anayimba komaliza kwao ku Birmingham ali chikhalire pa mpando, chifukwa nthenda ya Parkinson inali itamufooketsa miyendo. Patapita masiku 17 anamwalira. Nyimbo za anthu amenewa si zimene mphunzitsi angaphunzitse ana a katekisimu, ndipo zina mwa izo siziyenera m'nyumba ya mkristu. Koma pa chinthu chimodzi iwo ali aphunzitsi abwino: anali ndi chuma, madokotala odziwa ndi makina okuza mau, ndipo zonsezo sizinathe kuwagulira kholingo latsopano.

Liu la munthu limachokera pa timinofu tiwiri tating'ono tam'kholingo, timene timanjenjemera mpweya wochokera m'mapapo ukamadutsa. Munthu akamakula, timinofuto timapyapyala ndi kuuma, ndipo sitikumananso bwino, kotero kuti mpweya umapulumuka pakati, liu nkumatuluka losasa ndi lonjenjemera. Chifuwa nacho sichisunganso mpweya wokwanira mzere wautali wa nyimbo. Choopsa choposa ndi makutu. Nkhalamba imayamba kusamva bwino mau okwera, motero imatha kuphonya nyimbo osadziwa kuti yaphonya, ndipo anzake akaiuza imaganiza kuti akuichitira nsanje. Fodya, kachasu, utsi wa m'khichini ndi kukuwa pa maliro usiku wonse zimafulumiza zimenezi. Akulu akale anati ng'oma yolira sichedwa kung'ambika. Apa aphunzitsi asunge chenjezo limodzi: munthu amene wasasa mau milungu itatu kapena inai popanda chimfine ayenera kupita ku chipatala, pakuti nthawi zina kumakhala kudwala kumene kungachizike kukadziwika msanga, osati ukalamba chabe.

Tsono Eklezia akuti chiani pa za liu lotha? Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo amene anamwalira mu 430, analalikira pa chaka chomwechi cha Yohane, ndipo anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene m'Chichewa zimasokonezeka, popeza anthu amati "mau" ponena kamvekedwe ka pakhosi, natinso "mau" ponena chimene chanenedwa. M'Chilatini ziri ndi maina awiri: vox ndi verbum. Yohane anali liu, Kristu ndiye Mau. Munthu akafuna kuuza mnzake za mumtima mwake, liu limanyamula mauwo kufikira m'khutu la mnzakeyo, kenaka limazilala. Koma mau aja amatsala, ali mumtima mwa wakumva, ndipo sanachokenso mumtima mwa wonena. Liu ndi mtengatenga. Likatula katundu pakhomo ntchito yake yatha, ndipo palibe amene amadandaula kuti mtengatenga wabwerera kwao. Yohane anadziwa zimenezi. Ophunzira ake atabwera ndi nkhawa kuti anthu onse akuthamangira kwa Yesu, iye sanakwiye, koma anadziyerekeza ndi bwenzi la mkwati limene limakondwa pomva mkwati akulankhula, navomera kuti nthawi yake yochepa yafika. Augustino anaonanso chizindikiro cha zimenezi pa dzuwa, popeza kwao masiku amayamba kufupika pa chaka cha Yohane ndi kutalika pa Khrisimasi. Ku Malawi, kumwera kwa dziko lapansi, dzuwa limachita mosemphana, choncho mphunzitsi amene angabwereze fanizo limeneli pamaso pa alimi adzangowaseketsa.

Chauta sanafune kuti atumiki ake afere pa goli. M'buku la Numeri, mutu 8, Alevi analamulidwa kuyamba ntchito ya m'chihema ali ndi zaka 25 ndi kuitula ali ndi zaka 50. Koma lamulo lomwelo silinawapirikitse: linawalola kukhalabe pafupi ndi kuthandiza abale ao poyang'anira. Kutula ntchito ndi kwina, kutayidwa ndi kwina. M'buku lachiwiri la Samuele, mutu 19, muli nkhalamba ina yosaiwalika, Barizilai wa ku Giliyadi, amene anadyetsa mfumu Davide pamene inkathawa mwana wake Abisalomu. Nkhondo itatha, Davide anamuitana kuti akakhale naye ku Yerusalemu. Barizilai anali ndi zaka 80, ndipo anakana. Anawerenga yekha zimene zinamuthera: lilime silinkazindikiranso kukoma kwa chakudya, makutu sankamvanso oyimba aamuna ndi aakazi. Anapempha kubwerera kwao kuti akafere pafupi ndi manda a makolo ake, natumiza Kimuhamu kuti apite ndi mfumu m'malo mwake. Palibe amene anamuuza kuti wakalamba. Ananena yekha, mfumu isanaone, ndipo anali atakonzeratu wolowa m'malo.

Pamenepa ndi pamene m'mipingo yambiri ya kumidzi pamavuta. Nkhalamba imene yayambitsa nyimbo zaka zonsezi imaona malo aja ngati munda wa makolo ake. Imayamba nyimbo motsika kwambiri, amai nkulephera kuitsata. Imakoka, ang'oma nkusokonezeka. Anthu amene anabwera kudzapemphera amatanganidwa ndi kubisa kuseka, ndipo nsembe ya Misa kapena mapemphero a Lamulungu amasanduka chipsinjo. Wina akati anene, yankho limakhala lakuti: "Tchalitchi ichi tinaumba njerwa zake ndife, inu musanabadwe." Ndi zoona, anaumbadi. Koma tchalitchicho anaumbira Mulungu, ndipo mphatso imene munthu wapereka pa guwa sabwera kudzailondera. Woyimba amene akukanirira malo ake liu litatha ayenera kudzifunsa pamaso pa Mulungu, ngakhale pokalapa, ngati zaka zonsezi ankanyamula Mau kapena ankangodzimvera kukoma yekha.

Tchimo la achinyamata ndi lalikulu kuposa pamenepa, chifukwa iwo ali ndi mphamvu. Amabwera ndi kiyibodi ndi zokuzira mau, nasintha tsiku lophunzira nyimbo osamuuza mkulu uja. Amasankha nyimbo zatsopano zokhazokha kuti asowe poyambira. Amamutsanzira kunjenjemera kwa liu lake pobwerera kunyumba. Mkuluyo amayamba kukhala kumbuyo, kenaka amadumpha Lamulungu limodzi, kenaka mwezi, ndipo tsiku lina kumamveka kuti anadwala nafa osalandira masakramenti, popeza panalibe amene anakamuona. Ndani adzayankhe mlandu umenewu? Lamulo lachinai silinena za bambo ndi mai obereka okha. Limafikanso kwa onse amene anamulera munthu m'chikhulupiriro, ndipo amene anaphunzitsa mwana nyimbo yoyamba ya kwa Amai Maria ndi kholo lake ndithu.

Mbali zonse ziwiri zikumbuke mbiri. Pamene Abambo Oyera anakhazikitsa misyoni ya Kachebere mu 1903, ndi pamene seminale yaikulu inatsegulidwa pomwepo mu 1939, Misa inkayimbidwa m'Chilatini. Pa 4 Disembala 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha mapemphero a Eklezia, chimene chinatsegula khomo kwa zilankhulo za anthu ndi kayimbidwe ka makolo ao. Amene analowetsa ng'oma ndi zisekese m'matchalitchi m'zaka zotsatira anali anyamata ndi atsikana a nthawi imeneyo, ndipo akulu ena a masiku amenewo anaipidwa nazo, poganiza kuti ng'oma ndi ya kudambwe. Mnyamata amene anali ndi zaka 20 mu 1970 anakwanitsa zaka 75 mu 2025. Nkhalamba imene ikudandaula ndi kiyibodi ndi yomwe ija inadandaulitsa agogo ake ndi ng'oma, ndipo mnyamata wa kiyibodi naye mpando womwewo ukumudikira, ngati Mulungu amupatsa masiku. Pakuti si onse amapatsidwa. Lucius Banda, amene anakulira mu Alleluya Band, anamwalira ku South Africa pa 30 Juni 2024 ali ndi zaka 53 zokha, liu lake lisanakalambe.

Alleluya Band yomweyo iri ndi phunziro. Inayamba ku parishi ya Balaka mu 1978, mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici a chipani cha Montfort, Paul Banda akutsogolera. Oyimba ambiri anadutsamo, monga Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo, ena nkukayamba magulu aoao, monga Lucius anachitira ndi Zembani. Komabe gululo linafika zaka 40 mu 2018, chifukwa akulu ankaphunzitsa ana zida ndi nyimbo iwo eni akadali ndi mphamvu. Chitsanzo china ndi cha Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930. Mu 2020, ali ndi zaka 90, anakhala pansi ndi woyimba wachinyamata, Patience Namadingo, nayimbira pamodzi nyimbo zake zakale. Liu la nkhalambayo silinali la mnyamata ai, koma wachinyamatayo sanaliphimbe: analisiyira mpata, nalichirikiza pamene linafooka. Nyimbo ya Linny Hoo inafalikira pa intaneti kufikira maiko amene anthu ake sadziwa ngakhale liu limodzi la Chichewa. Chimene woyimba wa pa nsanja anachita, kwaya ya Akristu ingalephere bwanji?

Eklezia mwini amadziika pansi pa lamulo lotere. Episkopi akakwanitsa zaka 75 amapemphedwa kupereka kalata yotula udindo kwa Papa, ndipo bambo mfumu wa parishi amachita chimodzimodzi kwa episkopi wake. Papa Benedicto XVI, pa 11 Febuluwale 2013, ali ndi zaka 85, analengeza kuti mphamvu zake sizikukwaniranso, natula udindo, nakhala m'mapemphero kufikira imfa yake pa 31 Disembala 2022. Papa Yohane Paulo II anatsata njira ina. Amene anamumva pamene anadzacheza ku Malawi mu Meyi 1989 amakumbukira liu lamphamvu, lodzaza bwalo. Pa 24 Febuluwale 2005 madokotala anamuboola pakhosi kuti azitha kupuma. Pa Pasaka, pa 27 Malichi chaka chomwecho, anaonekera pa zenera pamaso pa khamu la anthu ku Roma, anayesa kunena mau a dalitso, koma sanatuluke. Anangokweza dzanja nalemba chizindikiro cha mtanda, anthu ambiri akulira. Pa 2 Epulo anamwalira. Wina anatula udindo, wina anausenza kufikira kumapeto, koma palibe mwa awiriwa amene anabisa kufooka kwake kapena kunamizira kuti akadali monga kale.

Ntchito tsono yatsalira aphunzitsi ndi akuluakulu a mpingo, a ku Kapondo ndi kwina konse. Nkhani yotula udindo isakambidwe pa gulu, kapena potuluka m'tchalitchi anthu akumva. Apite awiri kunyumba kwa mkuluyo, mmodzi akhale wa msinkhu wake, akakhale pa mphasa ndi kuyamba ndi kuthokoza. Amupemphe kuti asankhe yekha Kimuhamu wake, amuphunzitse miyezi ingapo, ndipo tsiku lopatsirana udindo lichitike poyera, bambo mfumu akabwera kudzachita Misa, ndi dalitso ndi kamphatso kochokera kwa Akristu onse. Pambuyo pake mpando wake ukhale pakati pa kwaya, osati kumbuyo. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo kwaya iriyonse imakhala ndi moto wofunika kuzima. Ziriponso nyimbo za Lenti, za maliro ndi za mwezi wa Korona zimene sizili m'mabuku amene achinyamata ali nao, zimene ndime zake zonse ziri m'mutu mwa nkhalamba ziwiri kapena zitatu pa mudzi wonse. Lamya za m'manja zimene anyamata amajambulira za mpira zingathe kujambulanso zimenezi. M'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti, pamene ntchito ya kumunda yachepa, kwaya iriyonse ipatule madzulo amodzi pa mlungu, ipite kwa mkulu wao ndi kope ndi pensulo, iye ayimbe ndi liu limene lamutsalira, iwo alembe.