Lilime la Msilamu Lisabwerekedwe pa Nkhondo

Kutamandidwa n'kwa Allah amene anapatsa munthu lilime, naliika kukhala amana. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake. Abale ndi alongo m'Chisilamu, tilangizane kumuopa Allah, mobisika ndi poyera.

Alimi a kachewere ku Tsangano amadziwa kuti mbewu yamatenda siilowa m'munda kudzera mwa mdani. Imabwera m'thumba la mnansi amene timamukhulupirira. Maganizo nawonso amayenda chimodzimodzi. Ophunzira akhala akufufuza chifukwa chimene mawu ena amafera pakamwa pa mwini wake, pamene ena amadutsa midzi ndi malire. Mu 1976 Richard Dawkins anatcha ganizo lodzifalitsa lotere meme, ndipo pambuyo pake akuluakulu a asilikali ku America analemba za momwe angaligwiritsire ntchito pa nkhondo. Funso lathu ndi ili: nzeru imeneyi ikagwa m'manja mwa ankhondo, Msilamu aime pati?

Dziko lathu linaziona izi dzinalo lisanabadwe. Nkhondo ya ufulu itayamba mu 1964, Apwitikizi anazindikira kuti mfuti zokha sizingagonjetse Frelimo. Anali ndi nthambi yosonkhanitsa nkhani zachinsinsi yotchedwa SCCIM, ndiponso ntchito imene ankaitcha Acção Psicológica, kutanthauza nkhondo ya m'maganizo. Pakati pa 1965 ndi 1968 anafunsa mafunso atsogoleri a Chisilamu pafupifupi 700: anakuphunzitsani ndani, mukasowa yankho mumafunsa yani, mawu ake amamveka mpaka kuti. Fernando Amaro Monteiro, amene anatsogolera ntchitoyi, anafufuza momwe uthenga umayendera m'matwarika a Qadiriyya ndi Shadhiliyya, kuchoka kwa shehe kufika kwa ophunzira ake. Cholinga sichinali kuphunzira Chisilamu. Chinali kupeza milomo yochepa imene anthu ambiri amaimvera.

Ataipeza, anayamba kuinyengerera. Mu Disembala 1968, m'mwezi wa Ramadhani, bwanamkubwa Baltazar Rebelo de Sousa anatumiza uthenga waulemu kwa Asilamu. Atsogoleri ena analipiriridwa ulendo wa Haji. Mu Ogasiti 1972, pa Ilha de Moçambique, mashehe anasonkhanitsidwa kuti avomereze mahadisi osankhidwa a Imam Bukhari omasuliridwa m'Chipwitikizi. Patangopita miyezi 4, pa 16 Disembala 1972, asilikali a boma lomwelo anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu, kuno ku Tete. Dzanja limene linkasisita ndi lomwe linkakoka mfuti. Sitiweruza mashehe a nthawiyo, pakuti ambiri anali ataona anzawo akugwidwa ndi PIDE, ndipo za m'mitima yawo adziwa ndi Allah. Phunziro ndi lakuti ngakhale mawu oona ndi oyera angaikidwe pa mbedza ngati nyambo.

Ufulu utabwera, nkhondo ya mawu sinathe. Kuyambira 1976 wailesi ya Voz da África Livre inkaulutsa kuchokera ku Rhodesia, mpaka anthu anaitcha liwu la fisi. Mu 2015 ndi 2016, pamene mfuti zinaliranso ku Tsangano ndi Moatize ndipo anthu zikwizikwi anathawira ku Kapise m'dziko la Malawi, kungonenedwa kuti uje amadyetsa ankhondo a mbali ina kunali kokwanira kuti nyumba ndi nkhokwe zipse. Amene ananena sanagwire machesi, koma moto unayambira pakamwa pake.

Wina angafunse: kodi Chisilamu sichilola chinyengo pa nkhondo? Funsoli ndi loyenera. Pa nkhondo ya Khandaq, m'chaka cha 5 cha Hijra, Nu'aym bin Mas'ud anadzetsa kukayikirana pakati pa magulu amene anazinga Madina, mgwirizano wawo ndi kusweka, miyoyo yambiri ndi kupulumuka. Koma taonani malire ake. Anachita izi kwa ankhondo amene anabwera kudzawononga mzinda, osati kwa alimi ndi ana. Sanapeke chiphunzitso m'dzina la Allah. Ndipo Imam Nawawi anafotokoza kuti chilolezo chimenechi chimathera pamene pali pangano kapena lonjezo la chitetezo. Kusokoneza mdani wonyamula lupanga ndi nkhani ina. Kulowa m'chikhulupiriro cha anthu wamba ndi kuchisandutsa chingwe chowakokera ndi kuphwanya amana. Kumamuyesa munthu ngati ng'ombe ya pangolo, pamene Allah anam'lemekeza ndi nzeru zosankhira yekha.

Asilamu nafenso tili ndi maphunziro a kayendedwe ka mawu, ndipo ndi akale kwambiri. Akatswiri a hadisi ankafufuza isinadi: wanena ndani, anamva kwa yani, anakumanadi, ndi wokhulupirika kodi, amakumbukira bwino? Mafunsowa akufanana ndi aja a Apwitikizi. Kusiyana kwake kuli pa niya. Bukhari ankatsata unyolo wa anthu kuti bodza lisadutse. Atsamunda ankautsata kuti uthenga wawo udutse. Choncho nzeruyo payokha si haramu. Ili ngati chikwanje, chimene chimalambula munda komanso chimapha.

Tikupempha chikhululuko kwa Allah, ife ndi inu. Iye ndi Wokhululuka kwambiri.

KHUTUBA YACHIWIRI

Kutamandidwa n'kwa Allah, ndipo mtendere ukhale pa Mtumiki wake.

Abale, ku Cabo Delgado, kuyambira pa 5 Okutobala 2017 pamene Mocímboa da Praia inathiridwa nkhondo, achinyamata akhala akukopedwa ndi mawu amene timawakonda: jihadi, chilungamo, ubale. Owakopa amadziwa bala la mnyamata wosowa ntchito, ndipo amathira mawu awo pabalapo. Ophedwa ndi othawa ambiri ndi Asilamu anzathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Foni imene ili ku Palma ndi yomweyo ili m'thumba la mwana wathu ku Furancungo ndi ku Ntengo wa Mbalame.

Chida chimenechi chili ndi kufooka kumodzi: sichiyenda chokha. Kale chinkafuna mlomo wa shehe kapena wa mfumu. Lero chikufuna chala chathu pa WhatsApp. Pa Uhud kunangomveka mfuu yakuti Mtumiki waphedwa, ndipo ena mwa ankhondo olimba mtima anafooka nkhongono. Pa nkhani ya bodza lonamizira mayi wathu Aisha, Sura ya An-Nur inadzudzula ngakhale iwo amene anangolandira ndi kupatsira ena, poganiza kuti ndi zazing'ono. Ndipo Sura ya Al-Hujurat, ndime 6, imatilamula kufufuza nkhani tisanapweteke anthu mosadziwa.

Choncho uthenga ukafika, kaya pamsika wa Biri-Biri, kaya pogulitsa fodya, kaya pafoni, tifunse zinthu zitatu. Wachokera kwa yani, ndipo iye anaona kapena anangomva? Apindule ndani ife tikaukhulupirira? Ukhoza kupweteketsa yani tikaupititsa? Uthenga umene ukutifulumizitsa, kutikwiyitsa, kapena kutiuza kuti mtundu wakuti, chipani chakuti kapena aneba athu Achikhristu ndi adani, tiugoneke kaye mpaka m'mawa. Ayah ikaikidwa pamwamba pa kanema wa mfuti, tipite nayo kwa odziwa. Makolo, timve zimene ana athu akumvera, ndipo tiwayankhe mofatsa, pakuti mwana amene funso lake lakanidwa mumzikiti amakalifunsa kwa mlendo.

O Allah, yeretsani malilime athu ku bodza ndi mitima yathu ku chidani. Tetezani achinyamata athu ku fitina. Chitirani chisoni ophedwa, bwezerani othawa kwawo, ndipo khazikitsani mtendere m'dziko la Mozambique. Ameen.

Imirirani ku swala, Allah akuchitireni chifundo.